ZA AMISIRI OCHEKA NDALAMA



Mwezi wathawu, tsiku la Mulungu titaturuka m'tchalitchi, tinapeza amai ataunjikana patsinde pa mtengo wa mango, alikupatsirana kanthu m'manja ndi kuchita nako kaso. Ife tinayesa mendulo yatsopano, tinasendera pafupi kuti tione. Koma sinali mendulo iai. Linali kobiri lakale la dziko la Ireland, limene mnyamata wina wa kwathu kuno, wogwira nchito ku Dublin, anatumizira amai ache. Ndipo silinali kobiri lathunthu monga tidziwira makobiri. Mkombero wache unalipo wonse, m'kati mwa mkomberomo munaima thadzi ndi anapiye ache. Koma mkuwa wonse wozinga nkhukuyo unachotsedwa, kotero kuti polikweza kobirilo kudzuwa, kuwala kunapyola pakati pa miyendo ya thadzi, ndi pakati pa mwanapiye ndi mnzache. Pamwamba anabvekapo kamphete ndi kaunyolo ka m'khosi.

Pomwepo panabuka makani. Ena anati anachita kuumba m'chikombole monga tiumbira njerwa. Ena anati iai, Azungu ali ndi mankhwala odya chitsulo. Koma mkulu wina wa imvi, amene anathera unyamata wache m'migodi ya ku Johannesburg, anangopukusa mutu nati: "Ana a lero! Chinthu chimene ife tinachikhetsera thukuta pansi pa nthaka, iwo achiyesa phale loseweretsa." Amai aja anaseka, koma ife sitinaseke, pakuti mau a mkuluyo sanali achabe. Ndalama ikachekedwa yafa. Sidzagulanso mchere ngakhale singano. Nanga munthu wanzeru zache aipheranji? Aipha bwanji? Ndipo ndi ndalama iti imene aloledwa kuipha? Tinalonjeza kuti tidzayankha m'kalata ino ya mwezi, kuti ndi a m'midzi ina amve nao.

Kasowo konga uta

Si chikombole, si mankhwala, ndi sowo. Amisiri osula mphete ndi ndolo za golide ndi siliva ali ndi kasowo kao, kosiyana kutali ndi sowo ya kalipentala. Maonekedwe ache ndi a uta wa mwana wolasira mbalame, koma wachitsulo, wokhala ndi chigwiriro kunsi. Pamene pa uta pakhala nsinga, apo amangapo kachitsulo koonda, kotalika masentimita ngati 13, kokhala ndi mano mbali imodzi. Ife m'nkhani ino tidzakatcha nsinga, pakuti ndimo kakhalira. Kuonda kwache nkodabwitsa. Nsinga yogwira nchito masiku onse ichindikala ngati limodzi la magawo 4 a milimita, ndipo pa inchi imodzi pakhala mano oposa 50. Ziripo zina zoonda koposa apo, za mano oposa 80, zimene mano ache munthu saaona bwino ndi maso, koma achita kuwamva ndi chala. Nsingazi sagula imodzi imodzi. Agula mtolo wa 12, kapena mtolo waukulu wa 144, ndipo yense amene anagwirapo nchitoyi adziwa chifukwa chache.

Poimanga, mano ayang'ana kutsogolo ndi pansi, chifukwa sowo imeneyi idya potsika, pokwera ingobwerera. Mmisiri aikoka zolimba naikhudza ndi chikhadabo. Ikalira mokweza monga nsambo ya bangwe, yakhwima. Ikalira mobuntha yalobodoka, ndipo nsinga yolobodoka isokera pamzere niduka.

Sowo yomweyi iriponso ya makina, imene Angerezi aitcha scroll saw. Yense amene anaimapo pakhonde pa telala adzaimvetsa msanga, pakuti mayendedwe ache ndi a makina osokera: pali kagome kosalala kokhala ndi kabowo pakati, pamwamba pali mkono, ndipo nsinga ipyola pa kabowoko nikwera nitsika monga singano. M'zaka za m'ma 1800 makinawa anali opalasa ndi phazi monga a telala omwewo, ndipo m'nyumba zambiri za ku England ndi ku America abambo ndi anyamata anali kuchekera timatabwa tamaluwa madzulo. A masiku ano ayenda ndi magetsi, ndipo nsinga ikhoza kukwera ndi kutsika koposa ka 1,500 pa mphindi imodzi. Makinawa anawapangira matabwa. Wofuna kucheka ndalama achotsa nsinga ya matabwa, amangapo ya osula mphete, nachepetsa liwiro kwambiri, chifukwa liwiro la matabwa litentha nsinga ndi kuitha mano pa chitsulo.

Yabwino ndi iti? Makina amasula manja onse awiri kuti atsogolere ndalama, ndipo mkono sulema msanga. Koma makina alibe khutu. Dzanja limva pamene nsinga yayamba kupanika, nililezera. Makina angopitirira naidula. Chifukwa chache amisiri ambiri, akafika pa timizere tochepetsetsa, agwira kasowo ka manja. Mau amenewa awamve anyamata a m'midzi yopanda magetsi.

Machekedwe ache

Choyamba si kucheka, koma kusankha. Ndalama iri ndi nkhope ziwiri, ndipo sowo ipyola zonse pamodzi. Kobiri lija la ku Ireland kuseri kwache kuli zeze, ndiye chizindikiro cha dzikolo. Mmisiri posankha nkhuku anapha zeze, ndipo titalitembenuza tinapeza zidutswa zokha za nsambo zache kumbuyo kwa thadzi. Akadasankha zeze, ikadafa nkhuku. Njira yopulumutsira zonse ziwiri palibe.

Atasankha, adetsa ndi inki malo onse oyenera kuchoka, kuti maso asasokere pocheka. Ndipo apa ndi pamene pagona nzeru ya nchito yonse. Chithunzi chiyenera kugwirana ndi mkombero, apo ai chidzagwa pansi nichisiya mphete yokha m'manja. Tsono mmisiri ayang'ana pamene chithunzicho chikhudza mkombero chokha, kaya ndi mchira, kaya ndi nsonga ya phiko, kaya ndi mzere wa nthaka imene nyama yapondapo. Ndipo pamene sichikhudza asiyapo dala kachitsulo kopyapyala ngati ulalo. Mwanapiye ali yense ayenera kugwira kwa make kapena ku nthaka. Ena asiya ndi zilembo zomwe, ndi manambala a chaka, chilembo chiri chonse cholendewera ku mkombero pa kaulalo kache. Ulalo ukakula, chinthucho chitaya kukongola. Ukachepa, uthyoka tsiku loyamba kubvala. Sukulu yophunzitsa muyeso wache palibe, koma maso ndi ndalama zimene munthu anaziononga kale.

Kenaka aboola. Sowo singalowe m'kati mwa ndalama yokha osadula mkombero, ndipo mkombero sufunika kudulidwa. Chifukwa chache pa malo ali onse odetsedwa agogodapo kadontho ndi chitsulo chosongoka, kuti chiboolero chisaterereke, naboola kabowo kosafika milimita imodzi. Mpata uli wonse wotsekeka ufuna bowo lachelache: pakati pa miyendo bowo, kunsi kwa mlomo bowo, m'mimba mwa chilembo O bowo. Ndalama ya zithunzi zambiri ikhoza kukhala ndi mabowo makumi angapo isanaione sowo. Ndipo pa bowo liri lonse mmisiri amasula nsinga kumwamba, aipisa pa bowo monga ulusi pa singano, aimanganso, aikoka, acheka, namasulanso kunka ku bowo lina. Oona chinthu chitatha atama kucheka. Koma nthawi yambiri ithera pa kumasula ndi kumanga.

Wa sowo ya manja agoneka ndalama pa kathabwa kokhomera ku gome, kochekedwa mphanda kutsogolo, ndipo sowo iyenda choimirira m'kati mwa mphandamo. Wa makina sangagwire ndalama ndi zala zokha, pakuti njaing'ono, itentha msanga, ndipo nsinga pokwera ifuna kuinyamula. Tsono aimata pa kathabwa kopyapyala, kapena asema m'thabwa kadzenje kolingana nayo naikhazikamo, nayendetsa thabwalo. Onse awiri lamulo lao ndi limodzi: sowo sikhota, ikhota ndi ndalama. Nsinga ingokwera ndi kutsika pamalo pamodzi, ndipo dzanja litembenuza ndalama pang'onopang'ono kuti mzere ufike ku mano. Pofika pa ngodya, monga pa nsonga ya mlomo wa nkhuku, mmisiri aleka kukankha koma saleka kucheka. Nsinga idzidyera kamalo kotembenukira, ndipo ndalama izungulira pomwepo. Wopotoza ndalama nsinga iri chiimire, waidula. Wokankha kuti afulumire, waidula. Woiwala kuipaka phula la njuchi ikauma, waidulanso. Ndi kukula kwa mano komwe kuli ndi muyeso: mano ngati 3 azikhala m'kati mwa chitsulo nthawi zonse. Akakula akodwa m'mphepete mwa ndalama. Akachepetsa atsekeka ndi utuchi.

Si ndalama zonse zibvomera sowo. Siliva ndi mkuwa zicheka mokoma. Mkuwa wosanganiza ndi nikelo, umene ndi wa ndalama zambiri zoyera, uumirirako pang'ono. Koma ndalama zochuruka za masiku ano m'kati mwache muli chitsulo chonga cha khasu, pamwamba pokha anakutapo mkuwa kapena nikelo. Ku Britain makobiri ofiira akhala otere kuyambira 1992. Zimenezi zitha mano a nsinga, ndipo mochekedwamo mugwira dzimbiri, popeza chokuta chija chang'ambika. Kuzizindikira sikubvuta: maginito a m'wailesi yakufa azinyamula, koma siliva ndi mkuwa azisiya.

Kucheka kutatha, atenga timatupa toonda ngati zingano nasalaza mphepete zonse kuti zisakande khungu kapena kukoka nsaru, napukuta chinthucho kufikira chinyezimira. Ena apakapo golide pa chithunzi. Utuchi wa siliva sautaya; kunsi kwa gome atchera chikopa kapena nsaru youlandira.

Tisabise kanthu: ife tomwe tinafuna kuyesa tisanalembe. Tinabwereka kasowo kwa wokonza mawochi wina wa m'tauni, tinatenga shilingi yotha ya nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ija ya mphalapala. Madzulo amodzi okha tinadula nsinga 7, ndipo khosi linauma ndi kuwerama. Titafika pa nyanga, zimene ndizo ulemu wonse wa nyamayo, dzanja linafulumira pang'ono, nyanga zinagwa pansi, ndipo mphalapala yathu inasanduka mbuzi. Ana a sukulu amene anatizinga anaseka kufikira misozi. Woumba mbiya akalakwa akanyanso dothi, telala amasula msoko. Koma wocheka chitsulo, chochoka chachoka.

Ocheka akale

Kudula ndalama sikunayambe ndi zobvala m'khosi. Ku England, m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200, ndalama ya anthu onse inali imodzi, ndiyo kobiri la siliva, laling'ono ndi lopyapyala. Wofuna kugula kanthu kosafika kobiri analibe chenje. Tsono kobirilo anali kulidula pawiri kapena panai. Kuseri kwache kunali mtanda, ndipo mikono ya mtandawo inali kuonetsa podula. Kagawo kachinai ndiko anakatcha farthing, kuchokera ku mau ao akale otanthauza chachinai. Kudula kumeneku kunali kwa poyera, ndipo kunayamba kutha pamene mfumu Edward I anasulitsa timakobiri tozungulira ta kachinai ndi ta theka m'zaka za 1279 ndi 1280.

Koma panali odula ena, a usiku. Ndalama za masiku amenewo anali kuzisula ndi nyundo, ndipo m'mphepete mwache munali mosalingana. Wakuba anali kusenga pang'ono m'mphepetemo, napereka ndalamayo kwa mnzache pa mtengo wache wonse, nasunga tizidutswa kufikira tachuruka, natisungunula. Wotsatira nayenso asengako. Wobedwa weniweni anali womaliza kuilandira, kawirikawiri mmphawi wopanda sikelo, amene pa tsiku la msonkho anauzidwa kuti ndalama yache njopepuka. M'chaka cha 1247 mfumu Henry III analamula kuti mikono ya mtanda italike kufikira m'mphepete, kuti ndalama yosengedwa izidziwika ndi mtanda woduka nsonga. Chilango cha osenga chinali imfa, koma kusenga sikunathe. Kuyambira 1662, m'masiku a Charles II, anayamba kusula ndalama ndi makina, naika timizere kapena zilembo m'mphepete momwe. Zakale zija za nyundo zinayendabe pamodzi ndi zatsopano, ndipo zinasengedwa kufikira zambiri zinatsala ngati theka la kulemera kwache. M'chaka cha 1696 boma linaziitanitsa kuti zisungunulidwe ndi kusulidwa kwatsopano. Ndi chaka chomwecho Isaac Newton, katswiri uja wa masamu ndi za nyenyezi, anaikidwa woyang'anira nyumba yosulira ndalama ku London, nayamba kusaka opanga ndalama zonama. Tengani shilingi yakale muikande ndi chikhadabo m'mphepete: timizere timene mumva ndito mpanda umene anatchingira akuba aja.

Tsono mkulu wathu wa ku migodi sanakwiye pachabe. Kwa zaka mazana ambiri munthu wopezeka ndi ndalama yodulidwa ndi utuchi wa siliva anali mbala. Koma taonani kusiyana kwache. Wakuba acheka pang'ono kuti pasakhale woona, nafuna kuti ndalamayo iyendebe m'malonda. Mmisiri acheka kwambiri kuti onse aone, naiturutsa ndalamayo m'malonda kosabwereranso. Woyambayo aluza mnzache; winayu aluza yekha mwini ndalama, ndipo aluza mwakufuna kwache.

Ndalama zosagula kanthu

Nanga kufuna kotereku kuchokera kuti? Pakati pa 1788 ndi 1868 boma la Britain linatumiza akaidi oposa 160,000 ku Australia, ambiri a iwo chifukwa cha kuba. Ulendo unali wa miyezi ingapo panyanja, ndipo ochuruka sanaonenso kwao. Podikira chombo m'ndende, ena anatenga kobiri lalikulu la mkuwa la 1797, losulidwa ndi Matthew Boulton pafupi ndi Birmingham, lolemera magalamu 28, nalikhula kufikira nkhope ya mfumu George III inafafanizika. Pamenepo analembapo ndi chitsulo chosongoka, kapena analembetsa kwa mnzao waluso, dzina lao ndi zaka za chilango chao, mwina ndi kamtima kapena kachombo, nasiyira mkazi, kapena amai, kapena mwana. Nyumba yosungira zakale ya National Museum of Australia ku Canberra isunga makobiri otere oposa 300. Awa sanagwire sowo, inde. Koma mtima wache ndi womwewo. Taganizani, abale: wandende wanjala ali ndi kobiri m'manja, logula nalo chakudya, ndipo alipha dala. Adziwa kuti kobiri lamoyo mkazi wache adzaligulira mkate mawa, nilipita kwa eni sitolo. Koma lakufa lidzakhala m'nyumba.

Pambuyo pache mwambowu unafala ndi kwa anthu a mfulu. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ku Britain ndi ku America, anyamata anali kusalaza tindalama ta siliva mbali imodzi, nalembetsapo zilembo zoyamba za dzina la namwali, ndipo atsikana anali kutilumikiza kukhala zibangiri. Asilikali a nkhondo ya 1914 ndi ya 1939 anasula mphete ndi zokometsera zina ndi ndalama za maiko amene anafikako, natumiza kwao. Ku America amuna oyendayenda osowa nchito anali kusemanso nkhope ya pa ndalama ya masenti 5, ija ya njati ya kwao imene inasulidwa kuyambira 1913 kufikira 1938, nasinthanitsa ndi chakudya kapena pogona.

Amisiri a sowo a lero akonda ndalama za nyama ndi mbalame, chifukwa chithunzi chache chiima chokha pa chitsulo chosalala. Za ku Ireland, zimene anajambula Percy Metcalfe nizituruka m'chaka cha 1928, ndizo chuma chao: pa kobiri thadzi ndi anapiye, pa theka la kobiri nkhumba ndi ana ache, pa tiki kalulu, pa shilingi ng'ombe yamphongo, pa ndalama ya mashilingi 2 nsomba, ndi kavalo pa yaikulu koposa. Akondanso farthing ya ku Britain ya 1937 kufikira 1956, yokhala ndi kambalame kakang'ono konga timba. Ogula ambiri afuna ndalama ya chaka chimene anabadwa kapena chimene anakwatira. Mnyamata wathu wa ku Dublin sanafune chaka. Anasankha thadzi lofungatira ana, ndipo amai ache, amene analera ana ao okha bambo atamwalira, anamva tanthauzo lache popanda kalata.

Lamulo litani?

Apa tichenjere, pakuti maiko salingana. Ku America lamulo liletsa kusintha ndalama ndi mtima wonyenga. Wocheka zobvala, popeza sanyenga munthu, agulitsa poyera pa misika. Ku Britain nkolimba: lamulo la 1971 liletsa kusungunula kapena kuphwanya, popanda chilolezo cha boma, ndalama iri yonse yachitsulo imene ikugwira nchito, ndi imene inaleka kugwira nchito pambuyo pa 16 May 1969. Farthing ija ya kambalame inaleka kumayambiriro kwa 1961, chifukwa chache lamulolo siliikhudza. Kobiri la thadzi linaleka ku Ireland m'chaka cha 1971. Kwathu kunonso kuononga ndalama imene ikuyenda ndi mlandu, ndipo musanene kuti kandalama aka sikagulanso kanthu pa msika: malinga boma silinakaletse, nkaboma ndithu. Mnyamata wofuna kuphunzira ayambe ndi kachidutswa ka mkuwa wamba kapena chitsekero cha chitini. Adzadula nsinga zomwezo, koma sadzapalamula.

Za m'zitini zathu

M'nyumba zambiri za kwathu muli kachitini kapena kathumba m'tsinde mwa bokosi, mmene mugona ndalama za agogo. Muli makobiri a bowo a Chitaganya, osulidwa pakati pa 1955 ndi 1963, okhala ndi njobvu ziwiri zoimirira uku ndi uku, ndi theka la kobiri la akadyansonga. Bowo limenelo silinachekedwe ndi munthu wa m'mudzi. Linabwera chomwecho kuchokera kosulira, ndipo akulu akumbuka kuwatunga pa chingwe. Muli shilingi ya mphalapala, ndi ya mashilingi 2 ya nkhwazi yogwira nsomba. Muli za 1964, chaka cha ufulu, za nkhope ya Dr. Banda: sikisi ya tambala, shilingi ya chimanga, ndi ya mashilingi 2 ya njobvu. Mwina muli ndi za Angerezi zimene zinayenda kuno kale lomwe, ndipo pa zimenezi yang'anani chaka: zoyera za chaka cha 1920 chisanafike ndi siliva pafupifupi yense, magawo 925 pa 1,000, za 1920 kufikira 1946 ndi siliva theka, za 1947 kunka mtsogolo mulibe siliva ndi pang'ono pomwe. Wodziwa zimenezi sanyengedwa ndi ogula oyendayenda.

Zithunzi zimenezi ndi zokoma pa sowo monga za ku Ireland zomwe, ndipo tsiku lina mwana wa kwathu waluso adzaturutsa nkhwazi yoima yokha m'mkombero, ife tidzakondwa kuiona. Koma tipempha zinthu ziwiri. Musakhulupirire mphekesera zakuti kobiri la bowo ligula galimoto. Anawasula mamiliyoni, ndipo lotha ndi manja mtengo wache ngwochepa. Ndiponso musafulumire kucheka chifukwa cha kuchepa mtengoko. Osonkhanitsa ndalama zakale afuna zathunthu, zosaboola, zosakhula. Yochekedwa kwa iwo yatha, ndipo yotsukidwa ndi phulusa, mchenga kapena mandimu yatsika mtengo. Yowala ngati yatsopano, kapena imene mulibe inzache m'chitini, isiyeni. Ndipo imene agogo anabwera nayo ku ulendo, musaipereke ku sowo musanafunse abale onse a pa mtundu, pakuti si ya munthu mmodzi. Yotha, yokhala ndi zinzache zambiri, yosagwiranso nchito, ndi yanuyanu: imeneyo ndiyo ya mmisiri.

Sabata yathayi mkulu uja wa ku migodi anafika pakhomo pathu ndi kachitini kache, nakhala pa mpando, nakhuthulira ndalama pa mphasa. Anasankhamo kobiri la bowo la 1957, nati: "Aphunzitsi, mdzukulu wanga wamkazi sagona nacho chinthu chija anaona kutchalitchi. Kodi njobvu izi zingaturuke monga inaturukira nkhuku ija?" Tinati zingaturuke, koma osati ndi manja athu, ndipo tinawaonetsa mbuzi yathu ija yopanda nyanga. Anaiyang'ana nthawi yaitali, nayang'ananso kobiri lao, kuno ndi kuseri. Potsiriza anati: "Iai, zisiyeni njobvu zanga. Bowo liripo kale." Napempha kachingwe, natunga kobirilo, nanka nalo kwa mdzukulu.